Mmene mungatetezere ndi kuchiza maungu ku chuku choyera

Chuku choyera chimayamba mwakachetechete. Pa masamba akale a kuphata kumabwera timadontho toyera tozungulira, tiwiri kapena titatu, ndipo nthawi zambiri timayambira kunsi kwa tsamba kumene diso silifikako. Pakangotha sabata imodzi kapena ziwiri tsamba lonse limaoneka ngati munthu wawazapo ufa. Kenako limachita chikasu, n'kufiira, n'kuuma mpaka kumafumbutuka mukaligwira. Chomeracho kawirikawiri sichifa tsiku limodzi, koma maungu ndi amene amalipira. Amakhwima mokakamizika, amachepa msinkhu, satsekemera, amapsa ndi dzuwa chifukwa masamba owaphimba atha, ndipo mukawasunga amafulumira kuola kuyambira pa tsinde.

Ndinene poyambirira kuti tsamba limene layera kale silidzabwereranso mwakale, ngakhale mupopere mankhwala odula bwanji. Ntchito yanu ndi yosunga masamba athanzi kuti akhale ndi moyo mpaka maungu atakhwima. Mukamvetsa zimenezi, zina zonse zimene zili m'munsimu zikhala zosavuta kuziika m'malo mwake.

Yambani mwatsimikiza kuti ndi chomwechi

Tengani tsamba lokayikitsalo mulikhule ndi chala. Ngati zoyerazo zikufufutika n'kutsalira pachala, ndi chuku choyera. Ngati sizikuchoka ndipo zikutsatira mitsempha ya tsamba mofanana mbali zonse, musade nkhawa. Mitundu ina ya maungu imabadwa ndi mawanga otuwa pamasamba, ndipo si matenda.

Pali matenda ena amene anthu amasokoneza ndi amenewa, ndipo kusokonezako kumawonongetsa ndalama. Enawo amabweretsa mawanga achikasu okhala ndi ngodya, olekezera pa mitsempha ya tsamba, ndipo kunsi kwake kumakhala ubweya wotuwa mopitira kukuda, wooneka bwino m'mawa mame asanaume. Amenewo amakonda mvula ndi masamba onyowa. Pa mabotolo a mankhwala, chuku choyera chimalembedwa kuti powdery mildew, pamene enawo amalembedwa kuti downy mildew. Mayinawa akufanana koma tizilombo take n'tosiyana kwambiri, moti mankhwala okhala ndi metalaxyl, amene amapangidwira enawo, sachita kanthu pa chuku choyera.

Dziwani khalidwe lake

Choyambitsa matendawa ndi fangasi, kachilombo ka m'gulu la bowa. Pa maungu wofala kwambiri ndi Podosphaera xanthii, ndipo wina ndi Golovinomyces cichoracearum. Zoyera zimene mumaonazo ndi thupi la fangasiyo pamodzi ndi timbewu take tosawerengeka, timene mphepo imanyamula n'kukatitula kutali. Kambewu kakatera pa tsamba, zizindikiro zimaoneka pakatha masiku 3 mpaka 7, ndipo dontho latsopanolo limayamba kubala timbewu takenso. N'chifukwa chake munda umene unkaoneka bwino sabata yatha umakudabwitsani lero.

Chodabwitsa china n'chakuti fangasi ameneyu safuna madzi pa tsamba kuti alowe. Ambiri timaganiza kuti chuku chilichonse chimadza ndi mvula, koma ichi chimasangalala masana akakhala ofunda ndi ouma, usiku kukakhala kozizirira ndi chinyezi mumpweya. Chimakula bwino kutentha kukakhala madigiri 20 mpaka 27, ndipo chimaima kukatentha kufika cha m'ma 38. Mvula yamphamvu imatsuka timbewu tina, dzuwa lowomba mwachindunji limatifooketsa. Choncho chimabisala mumthunzi, m'kati mwa chitsamba mmene masamba athithikana ndiponso mphepo sidutsa.

Chimakula pa chomera chamoyo chokha. Mbewu za maungu si zimene zimachibweretsa, ndipo dothi si nyumba yake yeniyeni. Chimachokera pa maungu ena, nkhaka, mavwende, mphonda ndi zomera zina za banja lomweli. Chuku chofanana nacho chimene mumaona pa maluwa a mango, pa mphesa kapena pa maluwa a rozi ndi cha mitundu ina ya fangasi, ndipo musavutike kudula mitengo imeneyo poganiza kuti mukuteteza maungu.

Zoyenera kuchita musanadzale

Sankhani malo amene dzuwa limawomba maola osachepera 6 pa tsiku ndipo mphepo imadutsa. M'mbali mwa khoma, pansi pa mtengo kapena pakati pa mbewu zazitali zothithikana, chuku chimafika msanga.

Talikitsani mapando. Kwa maungu oyanga, siyani mita imodzi kapena imodzi ndi theka pakati pa mapando, ndi mamita awiri kapena atatu pakati pa mizere. Zikamera, patulirani kuti pa phando patsale chomera chimodzi kapena ziwiri. Ndikudziwa kuti kuzula mbande yathanzi kumawawa, ndipo munda umaoneka ngati waonongeka malo m'masabata oyamba. Koma maungu sachedwa kudzaza malo, ndipo zomera zisanu zopanikizana pa phando limodzi zimangopikisana kupanga mthunzi umene matendawa akufuna.

Ngati mukugula mbewu za m'paketi, yang'anani zilembo PMR kapena PMT pafupi ndi dzina la mtunduwo. Zimatanthauza kuti mtunduwo umapirira chuku choyera. Sikuti sugwidwa n'komwe, koma matenda amachedwa kufika ndipo amayenda pang'onopang'ono, moti nthawi zina kupopera kawiri kapena katatu kumakwanira. Ngati mumasunga mbewu zanu, zindikirani zomera zimene masamba ake akhalitsa obiriwira pamene zinzake zayera, ndipo sungani mbewu za maungu ochokera pa zimenezo.

Musadzale maungu atsopano moyandikana ndi akale amene akudwala kale, makamaka kumbali imene mphepo imalowera kuchokera ku akalewo. Apa ndi pamene alimi odzala motsatizana amagwa kwambiri. Mbande imagwidwa isanatulutse ngakhale duwa, ndipo chomera chogwidwa chikadali chanthete sichibereka zokhutiritsa. Kasinthasintha wa mbewu ndi wabwino pa matenda a m'dothi, koma pa awa amathandiza pang'ono chabe popeza amabwera ndi mphepo.

Pa chakudya cha mbewu, samalani ndi nayitirojeni. Feteleza wa yuriya kapena manyowa a nkhuku osawolerana akachuluka, chomera chimatulutsa masamba ambiri ofewa, obiriwira mochititsa kaso, ndipo ndi amene chuku chimalowa mosavuta. Manyowa owolerana bwino othira podzala amadyetsa mbewu mwapang'onopang'ono. Thirirani pa phata m'mawa, mokwanira kuti madzi alowe pansi, ndipo phimbirani dothi ndi udzu wouma. Chomera chimene chimafota ndi ludzu masana aliwonse chimagonja msanga matenda akafika.

Tembenuzani masamba sabata iliyonse

Pa zonse zimene ndalemba muno, ichi ndi chimene ndingakuchondereni kuti musadumphe. Maungu akayamba kugwira zipatso mphamvu zake zimapita ku zipatsozo, ndipo ndi nthawi imene chuku chimakonda kuonekera. Kuyambira maluwa oyamba akatuluka, lowani m'munda kamodzi pa sabata, mugwade, mupatule masamba ndi dzanja, muyang'ane akale a kuphata, pamwamba ndi kunsi komwe. Onaninso mapesi a masambawo. Kuima m'mphepete mwa munda n'kumayang'ana pamwamba sikukuuzani kanthu, chifukwa masamba a pamwamba ndi amene amagwidwa pomaliza.

Katswiri wa matenda a mbewu wa ku yunivesite ya Cornell ku America, Margaret McGrath, analangiza alimi kuona masamba akale 50 ndi kuyamba kupopera akangopeza limodzi lokha lili ndi dontho. Limodzi pa 50 likumveka ngati kupupuluma, koma pamenepo ndi pomwe mankhwala ofatsa amagwira ntchito. Wa dimba laling'ono angoti: dontho loyamba likaoneka, tsiku lopopera lafika.

Chotsani masamba oipitsitsa, osati onse

Musanapopere, dulani masamba amene ayera kupitirira theka ndi amene achita kale chikasu. Chitani izi kukakhala bata. Gwiritsani ntchito mpeni wakuthwa, dulani phesi la tsamba n'kusiya kachidutswa kakafupi kuti musavulaze nthambi yoyanga, ndipo ikani tsambalo m'thumba pomwepo m'malo moyenda nalo mukulikupiza m'munda monse. Akwirireni m'dzenje kutali ndi maungu.

Dzanja lisapitirire. Masamba ndi amene amapanga chakudya cha zipatso, ngakhale tsamba la madontho ochepa likugwirabe ntchito. Musachotse opitirira gawo limodzi mwa magawo atatu nthawi imodzi, ndipo tsamba limene likuphimba dzungu ku dzuwa lisiyeni ngakhale likudwala, pokhapokha ngati muikapo udzu wouma m'malo mwake.

Sankhani chopopera

Mkaka wa ng'ombe ndi umene ndimayamba kutchula, chifukwa si nkhambakamwa. Mu 1999 wofufuza wa ku Brazil, Wagner Bettiol wa bungwe la Embrapa, anafalitsa zotsatira za kuyesa mkaka wosungunula ndi madzi pa zukini, mbewu ya banja limodzi ndi maungu. Anapeza kuti mkaka wokwana gawo limodzi mwa magawo 10 kapena kuposerapo, wopopera kawiri pa sabata, unkachepetsa matendawa mofanana ndi mankhwala a m'sitolo amene anayerekezera nawo, mwinanso kuposa. Kuyesako kunachitikira m'nyumba yolimiramo mbewu, ndipo panja mkaka sufika mphamvu imeneyo nthawi zonse, komabe umathandiza zenizeni mukayamba msanga. Sakanizani kapu imodzi ya mkaka ndi makapu 9 a madzi. Mu sipuleya yobereka kumsana ya malita 16, thirani lita imodzi ndi theka ya mkaka n'kudzaza ndi madzi. Matenda akakhala kuti ayamba kale, kwezani kufika makapu atatu a mkaka pa makapu 7 a madzi. Kupitirira apo masamba amanunkha ndipo pamamera chuku china chakuda. Mkaka umagwira bwino ntchito pakakhala kuwala, choncho poperani m'mawa wa tsiku loti kuwala dzuwa. Mukamaliza tsukani sipuleya nthawi yomweyo, apo ayi mkaka umasasa n'kutseka kamlomo kopopera.

Soda wophikira amasintha pamwamba pa tsamba kuti fangasi alephere kukhazikika. Pa lita imodzi ya madzi thirani sipuni yaing'ono imodzi ya soda yosasefukira, imene ndi magalamu pafupifupi 5, sipuni yaing'ono imodzi ya mafuta ophikira, ndi madontho awiri kapena atatu a sopo wamadzi kuti mafuta asakanikirane ndi madzi. Khutchumulani kawirikawiri mukamapopera. Musawonjezere soda poganiza kuti matenda afa msanga, chifukwa amawotcha masamba m'mphepete ndipo akachuluka m'dothi amaliwononga. Soda ndi wotchinjiriza kuposa kuchiza. Ngati mungapeze mnzake wotchedwa potassium bicarbonate, amaposa soda wamba chifukwa amapha ngakhale timadontho tatsopano ndipo savutitsa dothi.

Mafuta a nimu nawo amathandiza matenda akadali ochepa. Thirani mamililita 5 pa lita imodzi ya madzi pamodzi ndi madontho a sopo, kapena tsatirani muyezo wa pabotolo ngati ndi ogula. Chilichonse chokhala ndi mafuta chipoperedwe madzulo dzuwa litapendeka. Zifukwa zake ndi ziwiri. Mafuta pa tsamba lotentha amaliwotcha, komanso maluwa a maungu amatseguka m'mamawa ndipo njuchi zimakhala zili pa ntchito mpaka dzuwa litakwera. Popanda njuchi timaungu timangofota n'kuthothoka, ndiye palibe phindu kupulumutsa masamba n'kupirikitsa amene akuberetsa.

Sulufule ndi mankhwala akale kwambiri pa matenda a mtundu uwu. Alimi a mphesa ku Ulaya anayamba kumudalira m'zaka za m'ma 1850, ndipo mpaka lero akadali pakati pa otchinjiriza amphamvu. Gulani wosungunuka m'madzi ndipo tsatirani muyezo wa pa paketi. Ali ndi malamulo awiri osayenera kuswa. Musamupopere tsiku loti kutentha kupitirira madigiri 30. Ndipo padutse masabata osachepera awiri pakati pa sulufule ndi chilichonse chokhala ndi mafuta, kaya nimu kaya soda wosakaniza ndi mafuta uja, chifukwa zikakumana pa tsamba zimaliwotcha koopsa. Ngati pafupi pali mavwende kapena nkhaka, yesani kaye pa masamba ochepa popeza mitundu ina simvana ndi sulufule.

Kuyesa kumeneku n'koyenera pa chosakaniza chilichonse chatsopano. Poperani masamba atatu kapena anayi, dikirani masiku awiri, muone ngati apsa.

Kapoperedwe kake

Mankhwala onse amene ndatchula m'gawo lapitali amagwira pokhapo pamene akhudza. Salowa m'thupi la chomera. Ndiye popeza chuku chimayambira kunsi kwa tsamba, kupopera pamwamba pokha n'kutaya mkaka. Tembenuzani kamlomo ka sipuleya kayang'ane kumwamba, lowetsani ndodo yake pansi pa masamba, muziyenda pang'onopang'ono, kenako mumalize ndi pamwamba. Sinthani kamlomo kuti madzi azituluka ngati nkhungu yosalala, osati mtsinje. Tsamba linyowe lonse koma lisafike poyenderera. Yambani ndi zomera zathanzi, mumalizire zodwala.

Bwerezani pakatha masiku 7 alionse, mkaka kawiri pa sabata ngati matenda akuyenda, ndipo bwerezaninso mvula ikagwa. Masamba atsopano amene atuluka kuchokera tsiku lomwe munapopera alibe chitetezo chilichonse, ndipo maungu amatha kutulutsa masamba angapo pa sabata. Anthu ambiri amene amati mkaka kapena soda sagwira ntchito amakhala kuti anapopera kamodzi, pamwamba, munda utayera kale.

Kuti mudziwe ngati zikuyenda, musayang'ane masamba akale. Mangani kansalu pa nthambi imodzi pamalo pamene pali tsamba lomaliza lodwala. Pakatha sabata, onani ngati matenda adutsa kansaluko. Dontho limene lafa limasiya kuoneka loyera mbuu, limatuwa n'kuphwatalala, ndipo silikulanso.

Munda ukakhala waukulu kapena matenda akakula

Mlimi wa maekala, wolima zogulitsa, nthawi zina safika patali ndi mkaka. Pali mankhwala olowa m'tsamba amene amafika ndi kunsi komwe, monga tebuconazole, myclobutanil ndi difenoconazole. Gulani okhawo amene pa botolo palembedwa kuti ndi ovomerezeka pa maungu kapena mbewu za banja lake, ndipo mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu akuuzeni amene akugwirabe ntchito kumeneko.

Ndati akugwirabe chifukwa fangasi ameneyu ndi wodziwika pozolowera mankhwala. Ku America anayamba kupirira mankhwala a benomyl kalekale mu 1967, ndipo pofika 2002 anali atayamba kupiriranso gulu la mankhwala monga azoxystrobin. Pa botolo pamakhala nambala ya FRAC, yosonyeza gulu la mankhwalawo potengera mmene amaphera fangasi. Atatu ndatchula poyamba aja onse ndi a gulu 3, azoxystrobin ndi wa gulu 11. Kusintha dzina la pa botolo koma gulu lili lomwelo si kusintha mankhwala. Musapopere gulu limodzi kawiri motsatizana, lowetsani sulufule pakati, ndipo musachepetse muyezo pofuna kuti botolo likhalitse, popeza muyezo wochepa umangosiya fangasi wolimba kuti achulukane. Mancozeb ndi mankhwala a kopa, amene ambiri amakhala nawo kale chifukwa cha matenda ena, mphamvu yawo pa chuku choyera ndi yochepa.

Valani magolovesi, chotseka pakamwa ndi pamphuno, malaya a manja aatali ndi nsapato zotseka. Musapopere kukuwomba mphepo. Pa botolo palinso masiku oyenera kudikira musanakolole chilichonse pa chomeracho. Awerengeni, mulembe tsiku limene mwapopera, ndipo musadalire kukumbukira.

Nthawi yosiya kupopera

Kumapeto kwa nyengo pafupifupi munda uliwonse wa maungu umayera, ngakhale wosamalidwa bwino. Yesani khungu la dzungu ndi chikhadabo. Ngati sichikulowa ndipo mtundu wake wafika, chomera chatha ntchito yake ndipo kupopera kulibenso phindu. Ngati kwatsala masabata awiri kapena atatu kuti akhwime ndipo masamba ambiri atha, tetezani masamba a kunsonga amene atsala, phimbani maungu ndi udzu kuti asapse, ndipo thyolani maluwa ndi timaungu tatsopano timene sitingakhwime kuti mphamvu yotsalayo ipite ku akuluakulu.

Masamba onse akauma, musawasiye maungu m'munda poyembekeza kuti akula. Sakulanso, ndipo chuku chimafooketsa tsinde la dzungu mpaka limafota n'kutsegulira njira zowoletsa. Dulani ndi mpeni n'kusiya tsinde la masentimita 5 mpaka 10, ndipo musanyamulire pa tsindelo. Aikeni pamalo ofunda, odutsa mphepo, osanyowa, kwa masiku pafupifupi 10 kuti khungu lilimbe. Ochokera pa zomera zimene zinadwala kwambiri, ndi onse a tsinde lofewa kapena lofota, muwapatule ndipo muyambe kugwiritsa ntchito amenewo, chifukwa sakhalitsa.

Mukatha kukolola zulani zomera zonse tsiku lomwelo kapena mawa lake, muzikwirire kapena muziike pakati penipeni pa mulu wa kompositi pamene pamatentha. Pa masamba ena okalamba mumaoneka timadontho takuda tating'onoting'ono pakati pa zoyerazo, ndipo timeneto timatha kusunga fangasi mpaka nyengo ina, choncho zinyalala zisatsale pamtunda. Zulaninso maungu, nkhaka ndi mphonda zomera zokha m'mphepete mwa munda ndi padzala, ndipo ngati n'kotheka papite masabata angapo popanda mbewu iliyonse ya banja limeneli musanadzalenso.